Mapeyala a Madala Ambokile

Pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa pasukulu yathu ya m'mapiri a Rungwe ku Tanzania, sindinawamvepo madala Ambokile Mwasumbi akunena kuti "ayi", kupatula tsiku limodzi lokha. Koma sindinawaonenso akuchita chinthu chimene mtima wawo sukufuna. Ukawatuma ntchito yosawakomera, amayamba kukupatsa moni wa kwathu kuno: wagona bwanji, ana, ng'ombe, nthochi, bondo la mayi ako lija. Pofika pa bondo, belu lalira, ndipo uthamangira m'kalasi utaiwala chimene unabwerera.

Ntchito yawo inali yosamalira pabwalo. Kuseri kwa makalasi anali ndi mitengo isanu ndi inayi ya mapeyala imene anabzala okha ali mnyamata. Nyengo yake ikakwana, mwana aliyense amamwa phala la pasukulu ali ndi chibenthu cha peyala m'manja, ndipo madalawo amayendayenda pakati pawo monyada ngati mwini ukwati.

Chaka chimenecho tinauzidwa kuti oyendera sukulu abwera ndi malamulo atsopano. Pepala la malamulowo linati lifika mu Janyuwale, kenako pa Pasaka, kenako "posachedwapa". Pepala likachedwa, mphekesera ndiye zimafulumira. Ahedi athu, bambo Gwakisa Mwakatobe, munthu wamtali ngati mlongoti koma wamantha zedi, amabwera ndi lamulo latsopano nthawi iliyonse akakwera basi ya ku Tukuyu, kumene kuli maofesi a maphunziro. Tinapaka zitseko utoto wobiriwira, n'kuzipakanso wabuluu. Miyala ya m'mbali mwa njira madala Ambokile anaipaka laimu kanayi, mvula ya kuno n'kumatsuka kanayi konseko. Ine zimandinyansa, sindibisa, koma madalawo amangoimba muluzu.

Tsiku lina ahedi anatsika basi nkhope ili gwa. Anamva kuti malamulo atsopano sakulola mtengo kukhala pafupi ndi kalasi osakwana mapazi khumi. Anapita kuseri, naponya miyendo yawo ija kuchokera pakhoma: asanu ndi awiri, asanu ndi atatu, pena asanu okha.

"Madala, mitengo yonseyi igwe pofika Lachisanu."

"Chabwino, ahedi. Kodi kunyumba mwadzuka bwanji?"

"Za moni tinathana m'mawa. Nkhwangwa ili kuti?"

"Ili kosula. Komatu ahedi, mapazi khumiwo ndi a ndani? Anuwa si mapazi, ndi milatho. Sukuluyi ndi ya ana. Tiitane munthu woyenda ngati ana."

Anaitana ine. Ndine wamfupi, ndipo ana a Sitandade 7 amandiyang'ana pamutu. Ndinakwiya, koma nditaona maso a madalawo ndinavula nsapato.

"Aphunzitsi a Subilaga, musadzitambasule," anandiuza chapansipansi. "Yendani ngati mkwatibwi."

Ndinayenda ngati mkwatibwi, aphunzitsi anzanga akuwerenga mokweza, ena akululutira. Khumi ndi awiri! Khumi ndi limodzi! Ahedi anapukusa mutu, koma nawonso kuseka kunawapulumuka. Mitengo isanu ndi itatu inapulumuka choncho. Wotsala unali waukulu kuposa yonse, woyamba kubzalidwa, umene nthambi zake zimakhudza malata a Sitandade 2. Ndinayesetsa kudzifinya, koma mapazi anathera pa asanu ndi awiri.

"Uwu wokha palibe kuchitira mwina," anatero ahedi. "Oyendera akaupeza, mutu wodulidwa ndi wanga."

Madala Ambokile sanafunse za ng'ombe kapena za bondo la munthu. Anangosisita khungwa la mtengowo n'kuchoka, ndipo ine mtima unandiwawa kwambiri.

Lachisanu ahedi anapitanso ku Tukuyu kukafunsa za pepala lija. Basi isanazimiririke n'komwe, madalawo anatulukira m'chipinda cha aphunzitsi.

"Ana anga, lamulolo akuti mtengo usayandikane ndi kalasi. Za ofesi anenapo?"

Tinangodzuka. Ofesi ya ahedi inali chipinda chachikulu kutsidya la bwalo, chimene kale chinali kalasi. Pofika masana, mabenchi a Sitandade 2 anali atalowa m'menemo, ndipo tebulo la ahedi, kabati, kalendala ndi mpando wawo wozungulira zinali m'chipinda cha Sitandade 2 chija, pansi pa nthambi za mtengo uja. Madalawo anakhomeranso chikwangwani cha ofesi pachitseko, chowongoka bwino.

Ahedi atabwera chimanjamanja anaima pakhomo pakamwa pali yasa. Asanayankhule, peyala linagwa pamalata, phu! Anadumpha, chikwama uko.

"Madala, mukufuna ndife ndi mtima?"

"Ayi ahedi, lagwa lokhwima limenelo. Ndikutolereni?"

Ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva akunena "ayi", ndipo ahedi analilandira peyalalo.

Oyendera anabwera mu Okutobala, amayi awiri otopa, atanyamula mafomu akale omwe aja chifukwa atsopano nawonso anali asanawaone. Anayang'ana zimbudzi, makope a ana ndi mabuku athu okonzekera maphunziro. Za mtundu wa zitseko sanafunse. Anakhala mu ofesi yatsopano, nayamikira kuti ndi yozizira bwino.

Pepala lenilenilo linafika chaka chotsatira, madala Ambokile atatsala mwezi umodzi kuti apume pantchito. Maso awo anali atayamba kufooka, choncho anandipempha kuti ndiwawerengere lonse, masamba makumi anayi, osadumpha mzere. Tinatha masana awiri. Munali za kaphunzitsidwe, za madzi akumwa, za ana olumala. Mawu oti mtengo munalibe ngakhale pamodzi.

Ine ndinaseka mpaka misozi. Iwo sanaseke.

"Kutsidya kwa mtsinje uko," anatero, "anzathu a pasukulu ina anamva mphekesera yomweyi. Anadula mitengo khumi ndi iwiri, ina ili ndi zipatso."

M'mawa mwake sanabwere kuntchito, koyamba chiyambire. Ahedi atafunsa, mayi wophika phala anati wawaona akuwoloka mlatho, akukankha njinga, pakaliyala atamangapo dengu la mbande za mapeyala.