Besi ya Alamu Ake Eldred

Eldred Pardy wakalambira pa boti la nkhanu la alamu ake, a Garland, pano pa doko lathu la ku Newfoundland. Ndi munthu wotopa chibadwire. Akayasamula, mafunde amabwerera okha.

A Garland ndi chimunthu cha besi yoopsa. Akatsokomola pa doko, makapu amagwa m'mashelefu kutsidya kwa nyanja. Ndiye tangoganizani: mawu amenewo ndi amene Eldred adasiya kuwamva. Mbalame zikalira ankazimva. Mkazi wake Vina akanong'oneza mnzake za iye kuseri kwa nyumba, ankamva mpaka kuyankhira. Koma alamu ake akalankhula, iye ankangoona ndevu zikugwedezeka.

"Mwano umenewu," a Garland adadandaula kwa Vina. "Iwe amakumva, ine ayi. Khutu losankha anthu udaliona kuti, mlongo wanga?"

Tsiku lina m'mawa kudachita nkhungu yoti ukhoza kukolekapo jekete. Sitima yaikulu idaliza hutala, Eldred osamva. A Garland adakuwa kuti asiye chingwe cha miono kuti boti likhote, iye ali chigwirire. Chingwe chidamukoka mpaka theka la thupi kulendewera kunja, alamu ake n'kumugwira lamba.

"Alamu," adatero a Garland atafika kumtunda, "pitani kuchipatala. Apo ayi, muzikhala kunyumba muzisenda mbatata. Sindikufuna kukauza Vina kuti ndadyetsa nkhanu mwamuna wake."

Eldred sadamve, koma nkhope adaiwerenga. Kumtunda sadziwa ntchito ina iliyonse. Ngakhale kukhala pansi kumamuvuta.

Dokotala anali mayi wa mawu ang'ono, choncho adamvana bwino. Atamuyeza adati mawu okhuthala, a pansi, ndi amene akutayika.

"Zimayamba m'njira zingapo, bambo Pardy. Pena kafupa ka m'khutu kamauma, ndipo zimenezo zimayenda m'magazi. Pena ndi kachilombo, khutu n'kutseka mwadzidzidzi. Pena ndi madzi ochuluka mkati mwenimweni mwa khutu. Kwanu alipo adagontha akadali ndi mphamvu?"

"Bambo anga sankamva, koma iwo kunali kufuna."

"Nanga khutu limalira?"

"Ngati injini. Ndimayesa ndi ya boti yanditsatira kunyumba."

"Chizungulire?"

"Ayi."

"Bodza!" Vina, amene adamuperekeza, adalumphira. "Tsiku lina adakumbatira filiji, akuti khitchini ikutembenuka."

"Amayi, munthu wochoka panyanja pansi pamagwedezeka. Aliyense amadziwa," adatero Eldred.

"Panali pa Khirisimasi, bambo inu! Boti lili pamtunda chitsirizireni nyengo ya nkhanu!"

Dokotala adapumira m'mwamba. Adati zikuoneka ngati ndi madzi aja, matenda a Meniere, ndipo zomwe zatayika mwina sizibwerera zonse. Adamupatsa mapilitsi, nati za kachipangizo ka m'khutu kothandiza kumva akambirana akamuyezanso. Kenako adafunsa za mchere.

Apa m'pamene Eldred adafooka zenizeni. Munthu uyu adaleredwa ndi nyama yamchere ya Lamulungu ndi nsomba zamchere masiku otsalawo. Akatuluka thukuta, anthu amatchera mbale kuti apeze mchere.

"Muchepetse," adatero dokotala.

Mawu amenewo adawamva bwinobwino, mwatsoka.

Kunyumba adayamba kudya kabichi wozizira ngati pepala lonyowa. Chizungulire chidachepa, koma besi ya alamu ake sidabwerere. Nyengo ya nkhanu itayandikira, a Garland adagula wenzulo. Tsiku loyesera lomwelo adaona kuti wenzulo sungathe kunena kuti "kumanzere," ndiponso munthu sangaugwire manja ali pa chiwongolero. Adaulavulira m'madzi.

M'mawa wonyamuka, Eldred adapita pa doko atanyamula chikwama, osadziwa ngati akwera. Adaima pamenepo, mapewa ali pansi. Amuna a maboti ena onse adasiya ntchito n'kumaonerera.

A Garland adamuyang'ana. Adayang'ana amuna aja. Kenako adakweza chibwano, nafinya kukhosi, n'kutulutsa kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa kwaya:

"Alamuuu! Masulani chingwe, tikuchedwa!"

Doko lonse lidagwa nako kuseka. Wina adagwera m'madzi, mpaka lero akufunabe chipewa chake.

Eldred sadaseke. Adawerama pang'onopang'ono, msana ukulira, namasula chingwe n'kukwera.

"Ndamva, achemwali," adatero. "Osakuwa."