M'kamwa mwa Esnati

Ndinachoka ku Kandeu Esnati, mng'ono wanga, atangoika mwana wachiwiri wobadwa masiku asanakwane. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali ndikuthandiza anamwino kusikelo, kukweza amayi oyembekezera pasikelo ndi kuitana mayina, koma malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Ndinati bola ndikaone ku Joni.

Ntchito inapezeka yokolopa kwa dokotala wa mano. M'chipinda tinkagona asanu, komabe ndinali wosungulumwa ngati mlendo pamaliro a eni. Ndalama ndinkatumiza mwa apo ndi apo, koma foni sinkaduka. Esnati ataima kachitatu, ndinaona kuti akamaseka pavidiyo ankatseka pakamwa ndi chitenje. Ndinamunyogodola kuti manyazi amupeza paukulu.

Tsiku lina ndikupukuta mpando, ndinamva dokotala akuuza mayi wapakati kuti nkhama zotupa, zotuluka magazi, si zosekerera, chifukwa nthawi zina zimayendera limodzi ndi kubereka msanga kapena mwana wochepa thupi. Nsalu inandipulumuka m'manja. Pamimba yoyamba Esnati anandionetsa mswachi wofiira, ndipo ine, nditavala yunifomu yanga, ndinamuuza kuti ndi za mimba izo, mwana aliyense amatenga dzino lake.

Kuyambira pamenepo Joni anandiyabwa. Ndinkakolopa malo amodzi kawiri. Ndikamufunsa Esnati za nkhama, ankangoti kusikelo anena kuti zonse zili bwino. Ndinachita mantha, ndiponso ndinadzikwiyira. Khirisimasi sindinaidikire, ndinakwera basi.

Ndinamuperekeza kusikelo ndekha. Mzere unafika pansi pa bulugamu. Namwino, mtsikana waulemu koma wotopa, anayeza kuthamanga kwa magazi, anapapasa mimba, anamuyang'ana m'maso ndi m'zikhato, ndendende monga tinkachitira ife. Nditapempha kuti aonenso m'kamwa, anandiyang'ana kaye ine, kenako anayatsa tochi ya foni. Anamuunika Esnati m'kamwa.

"Amayi, izi kusukulu anangotchulako. M'bukumu mulibe ndi polemba pomwe," anatero.

Komabe analemba m'mphepete mwa tsamba, natitumiza kwa a mano ku boma. Mayi wotsatira atalowa, ndinamva akumuuza kuti ayasamule.

Ku Joni ndinkadandaula kuti kwathu kulibe zipangizo, chikhalirecho tochi inali m'thumba la aliyense. Mu minibasi ndinamufunsa Esnati chifukwa chake anandibisira miyezi yonseyi. Anachotsa chitenje pakamwa.

"Sindinabise, achemwali. Ndinakufunsani kalekale, ndipo munandiyankha."