Odwala a m'Thanki ya a Weston

A Weston Kaliwo si munthu wothamanga. Basi ya ku Thamesmead ikawasiya amangoti ina ikubwera. Kumudzi ankasamalira madamu a nsomba ku Domasi. Kuno ku London m'mawa amasambitsa nkhalamba kunyumba yosungira okalamba, masana n'kupita ku Greenwich kukatsuka mathanki m'kachipinda ka kafukufuku.

M'mathankimo simunali nsomba ayi. Munali zomwe azungu amati nkhaka za m'nyanja, zamoyo zopanda maso, zopanda mutu, zongokwawa pansi n'kumameza mchenga. Kunyansa kwake, inu! Koma kumaiko a kum'mawa anthu amaziweta n'kumadya, ndipo dzuwa likakwiya zimafera m'madamu. Tsitsi, mtsikana wa ku Zimbabwe amene agogo ake anachoka ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu, anali atatha zaka zitatu akusankha mbewu yopirira kutentha. Digiri yake yonse inali m'thanki imodzi ya nkhaka makumi anayi.

Ndiye unafika Ogasiti wa 2003 uja, London n'kusanduka Nsanje. Loweruka lina makina oziziritsa madzi anafa. Pofika Lolemba nkhaka zinali zitakwinyika pansi pa miyala, zambiri zitayamba kusungunuka khungu.

"Ankolo, ingotayani zonse," anatero Tsitsi. "Ndikudziwa kuti kukatentha zimagona, koma madziwa anapitirira malire. Viza yanga ikutha chaka chamawa, ndiyambiranso pati?"

A Weston sanatsutse. Anapinda malaya, n'kumatulutsa imodziimodzi, kuinunkhiza. Munthu amene watha zaka zinayi akulowa m'zipinda za nkhalamba imfa amaidziwa ndi mphuno. Zambiri zinalidi zitapita. Khumi ndi imodzi zinali zolimba, zopanda fungo.

"Izi sizinafe, mwanawe. Zangokana kudya, ngati a Harrison."

A Harrison anali nkhalamba ya kuntchito kwawo ya m'mawa ija, yomwe chiyambire kutenthako inatembenukira kukhoma n'kusiya chakudya. A Weston sankawakakamiza. Ankangotseka makatani, kuwanyowetsa milomo, basi. Nkhakazo anazichita chimodzimodzi. Anafunditsa thanki ndi thaulo lonyowa kuti mukhale mdima, n'kumaikamo botolo la madzi oundana limodzi lokha pa nthawi, chifukwa wodwala sumudzidzimutsa. Makina atakonzedwa, anapempha kuti kuzizira kuzibwerera pang'onopang'ono.

Kenako kunali kudikira. Tsitsi anasiya kutsikira kuchipindako, ankaopa kuona. A Weston ankasuzumira pansi pa thaulo tsiku lililonse, koma nkhaka zili zii, ngati mbatata zoiwalika m'dengu. Zinayi zinayamba kununkha, n'kuzitaya.

Sabata yachitatu a Harrison anamwalira, makatani ali chitsekere. A Weston zinawapweteka kwambiri. M'basi tsiku limenelo anadzifunsa ngati sakungomunamiza mwana wa eni ake ndi chiyembekezo chabodza. Komabe anatsika pamalo pomwe amatsika, n'kukasintha madzi.

Kumapeto kwa Seputembala, kunja kutayamba kamphepo, anavundukula thaulo n'kuona timizere ta mchenga topotana pansi pa thanki. Aliyense wosamalira odwala amachidziwa chizindikiro chimenecho. Anakwera masitepe, ulendo uno mothamangirako ndithu, n'kumupeza Tsitsi pakompyuta.

"Tsika udzaone. Odwala athu achita chimbudzi."

Tsitsi anagwada pathanki n'kuwerenga ndi chala pagalasi. Zisanu ndi ziwiri zinali kukwawa, kumeza mchenga mopanda manyazi. Imeneyo ndiyo inali mbewu yomwe ankaifuna zaka zonsezo. Anaseka, kenako analira, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri monga ankachitira agogo ake.

A Weston anakhala kaye chiimire, thaulo lili m'manja. Makatani a m'chipinda cha a Harrison sanapeze mwayi wowatsegula. Anapinda thaulolo bwinobwino, n'kusiya thanki ili poyera.