Chala cha a Ndendende

Pamalo onse omanga nyumba amene anagwirapo ntchito, palibe ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Ankangoti a Ndendende. Dzinali linatuluka pakamwa pawo pomwe. Akadula timatabwa tiwiri mopendeketsa n'kutikumanitsa pakona, ankayendetsapo chala, ndipo chalacho chikadutsa osakodwa paliponse ankanena chapansipansi kuti ndendende. Akangokhala duu, aliyense ankadziwa kuti thabwalo lichotsedwa.

Anali kalipentala, koma osati wa madenga kapena wa mipando. Iwo ankalowa m'nyumba omanga atatuluka, pulasitala atauma. Ntchito yawo inali yomalizitsa: timatabwa toyenda m'munsi mwa khoma, tozungulira zitseko ndi mawindo, ndi tina tija timakhala pamene khoma lakumana ndi siling'i. Ankakonda kuseka anzawo kuti womanga amakhotetsa khoma, wa pulasitala amawonjezera kukhotako, kenako amaitana iwo kudzabisa manyazi a anthu awiri.

Ntchitoyi anaiphunzira ndi hamala. Mfuti zokhomera misomali zitabwera anazikana chaka chathunthu, ati chinthu chophulika chotero sichingakhale ndi ulemu pa thabwa. Tsiku lina phewa litawavuta anabwereka ya mnzawo. Anaika kukamwa kwa mfutiyo pa thabwa, kukanikiza, pha! Kamsomali kowonda kanalowa n'kubisala, kungosiya kabowo ngati ka singano. Anayang'ana kabowoko nthawi yaitali. Mwezi usanathe anali ndi mfuti yawoyawo, kompuresa yake yopopa mpweya ndi paipi yaitali yofiira imene ankaikoka chipinda ndi chipinda.

Kumbuyo kwawo kunkabwera alamu awo, mchimwene wa akazi awo, amene anali wopenta. Zaka makumi awiri anayenda limodzi, wina kukhoma, wina kumata timabowo n'kupaka penti. Alamuwo anali munthu wa pakamwa. Ankadandaula kwa aliyense kuti kugwira ntchito pambuyo pa a Ndendende kumamuchititsa munthu ulesi, chifukwa phala lotsekera mipata limaumira m'chitini osagwiritsidwa ntchito.

Matenda a shuga anawapeza a Ndendende ali ndi zaka makumi asanu ndi mphambu zingapo. Mankhwala ankamwa, koma mwa apo ndi apo, monga amachitira anthu amene m'thupi sakumva kuwawa. Kenako manambala a pa tepi yoyezera anayamba kuthawa. Anagula magalasi, manambala anabwerako pang'ono, n'kuthawanso. Pakati pa chilichonse chimene ankayang'ana panabwera kamtambo ngati utsi, ndipo kamtamboko kankakula. Dokotala wa maso atawaunika anawauza mosabisa kuti timitsempha ta kuseri kwa maso tawonongeka, zimene zapita sizibweranso, ndipo zotsalazo angoyesa kuzichedwetsa. Akazi awo anali pomwepo, chikwama chili pamiyendo. Pobwerera, m'basi, mayiwo anawapempha kuti akauze foromani. Iwo anayankha kuti amuuza akamaliza nyumba imene anali nayo. Nyumba ija inatha, anayamba ina.

Kuntchito, woyamba kuzindikira anali alamu awo. Tsiku lina anawapeza atalemba mzere ndi pensulo, kenako n'kumaufunafuna, mphuno itatsala pang'ono kugunda thabwa. M'mawa mwake alamuwo anasiya burashi n'kubwera kudzagwira tepi.

"Alamu, penti wanditopetsa. Ndiphunzitseni ukalipentala. Ine ndiziwerenga manambala, inu muzindiuza ngati ndakhoza."

A Ndendende anamva zimene mawuwo ankatanthauza, ndipo anangoti, "Werengani."

Zinayenda choncho kwa chaka ndi miyezi. Pensulo anaisiya, ankalemba ndi mpeni kuti mzerewo azitha kuumva ndi chikhadabo. Makona ena ankatuluka bwino ngati kale. Ena ankasiya kampata, ndipo alamu ankadutsapo msangamsanga ndi phala lija foromani asanafike. Chitini chimene chinkauma kale chija tsopano chinkatha pa sabata. Awiriwa sankayankhulana za nkhaniyi, ngakhale popita kunyumba.

Kenako kunabwera nyumba ya mayi wina amene ankafuna chipinda chowerengeramo. Mayiyo anasankha matabwa oyera, a mizere yokongola, ndipo ananena kuti safuna penti ngakhale dontho, angopaka vanishi kuti thabwa lizioneka mmene lilili. Foromani anamuuza kuti ali ndi munthu mmodzi yekha amene angaithe ntchito imeneyo. Foromaniyo ananena zimenezi a Ndendende ali pomwepo, ndipo mtima wawo unakoma ngakhale ankadziwa kuti pansi pa vanishi palibe chobisika. Sabata yomweyo alamu anatumizidwa kukapenta khoma la kunja, pamwamba pa makwerero, kumene sakanatha kumatsikatsika.

A Ndendende anatsala okha m'chipindamo. Kuyeza anakupezera njira. Ankaimika thabwa pamalo pake penipeni, kulemba ndi mpeni, kudula, kuyesa, kupala pang'ono, kuyesanso. Zinkachedwa, koma zinkatheka. Vuto linali pokhoma. Zaka zonsezi ankalangiza aliyense wogwira mfuti kuti dzanja lamanzere lizikhala kutali ndi kukamwa kwake, chifukwa msomali wowonda ukakumana ndi mfundo m'thabwa umapinda n'kutulukira pambali. Tsopano dzanja lamanzerelo ndi limene linkaona. Akalichotsa pakona, sankadziwa ngati matabwa akadali okumana. Choncho ankalisiya pomwepo.

Masiku atatu anadutsa bwino. Timatabwa ta m'munsi tinatha, mawindo awiri anatha. Madzulo alionse alamu ankalowa, kuyang'ana makona onse, n'kutuluka akuimba mluzu, ndipo a Ndendende ankadziwa kuti zili bwino.

Tsiku lachinayi, dzuwa litakwera, anali pa kamakwerero akukhoma kona ya pamwamba pa chitseko. Anakanikiza matabwa awiriwo ndi zala, kuika mfuti, pha! Anaikanso wina, pha! Panthawiyo anamva mawu a foromani ndi mayi mwini nyumba akubwera m'khonde. Anafuna kutsika kuti awapatse njira, koma dzanja linakana kuchoka. Anaganiza kuti mkono wa malaya wakodwa penapake. Anakoka pang'ono. Silinachoke.

"Bambo," anatero mayi uja ali pakhomo, "musakoke. Magazi."

Msomali unali utakumana ndi mfundo, kupinda, kutulukira pambali n'kuboola chala cholozera, kuchilumikiza ku thabwa. Magazi anali atayenda kale pa thabwa loyera lija mpaka pakati pa chitseko. Anthu anathamanga. Alamu anatsika kunja kuja n'kubwera ndi pulayala, anadula msomaliwo. A Ndendende anangoima phee. Onse ankaganiza kuti akulimba mtima ngati mwamuna. Koma chimene chinawaumitsa pakamwa n'choti sanamve kalikonse, polowa msomali ngakhale potuluka.

Atawamanga chala ndi nsalu, foromani anatola tepi pansi. Anali ataona mizere ya mpeni pa matabwa, ndipo sanali munthu wopusa. Anakoka tepiyo pang'ono, kuiika patsogolo pawo, n'kuwapempha mwaulemu kuti amuwerengere pamene pali chala chake. A Ndendende anayang'ana. Anaona utsi wokhawokha, m'mbali mwake muli kuyera kwa tepi. Alamu anatsokomola, kuyamba kunena nambala ngati akudziyankhulira, koma foromani anawayang'ana ndipo anasiyira panjira. Foromaniyo sanakalipe. Anangopinda tepi, kuiika m'thumba la malaya a a Ndendende, n'kuuza dalaivala kuti awatengere kuchipatala.

Kuchipatalako namwino anawauza kuti atsinzine, n'kuyamba kuwagunda nsonga za zala ndi kaulusi kolimba, chala chimodzichimodzi, kuti azinena akamva. Anamva pa chala chachikulu chokha. Kuzala zinazo anangokhala chete, akudikira kuti namwino ayambe, pamene iye anali atamaliza kale. Kumapazi zinali chimodzimodzi. Namwino anafotokoza kuti shuga yemweyo ndi amene akupha mitsempha, ndipo amayambira kunsonga.

Ali panja podikira mankhwala, akazi awo anawafunsa motsitsa mawu.

"Za maso ndinkadziwa. Nanga za manjazi, bwanji simunandiuze, bambo?"

"Ndikanakuuzani bwanji, mayi? Inenso manjawo sanandiuze."

Bala lija linali laling'ono, koma linakana kupola. Linatupa, linada, linayamba kununkha. Patatha miyezi iwiri madokotala anadula chalacho. Chipinda chowerengeramo chija anakachimaliza kalipentala wina, ndipo thabwa la magazi analichotsa n'kulitaya. Mfuti ndi kompuresa a Ndendende anapatsa alamu kuti akapezere munthu woti azigwiritsa ntchito. Alamuwo anazisunga kwawo miyezi yambiri, akumanena kuti sanapeze munthu woyenera, mpaka mkazi wawo anadandaula kuti zikudya malo.

Masiku ano a Ndendende amakhala pakhonde. Akazi awo amasoka zovala m'chipinda chapakati, ndipo makina akasiya kulira iwo amadziwa kuti mayiwo akuwasuzumira pawindo. Alamu amabwera Loweruka lililonse ndi nkhani za kuntchito, koma nkhanizo zikufupika, chifukwa anthu ambiri amene alamuwo amawatchula, a Ndendende sawadziwa.

Mwezi wathawu mayi wa nyumba yoyandikana nayo anabweretsa kampando kogwedera mwendo. Mwina akazi awo ndi amene anam'tuma, a Ndendende sanafunse. Anakalandira, kukaika pamiyendo, kukatembenuza. Anayendetsa chala chachikulu mozungulira pamene mwendo walowera, anagwedeza mwendowo pafupi ndi khutu, ndipo anamuuza mayiyo kuti guluu wauma, ntchito yake ndi yaing'ono, abwere mawa. Mawa lake anamuuza kuti abwere mkuja. Hamala anaitulutsa, guluu anagula, zonse anaziika pambali pa kampandoko. Kawiri konse akazi awo anawaona atanyamula hamala, dzanja lamanzere lili pa mwendo wa kampando, kenako n'kuibwezera pansi.

Patapita masabata atatu mayi uja anabwera masana, a Ndendende akuwodzera. Anakambirana ndi akazi awo monong'ona, ati kwabwera alendo ndipo mipando yachepa. Anakanyamula mwakachetechete, mwendo ukugwederabe. A Ndendende anali maso, anamva zonse, koma sanadzutse mutu mpaka geti litatsekedwa.