Achemwali Analibe Chithunzi

Alamu anga, amuna a achemwali, anthu ankangowatchula kuti a Tembenukani, chifukwa mawuwo sankachoka pakamwa pawo. Kwa zaka makumi awiri ankajambula anthu kukada pakhonde la sitolo ya mankhwala, pomwe panali babu limodzi lachikasu ndi khoma lobiriwira. Fulashi ya kamera ankadana nayo koopsa. Ati imachapa nkhope, munthu n'kumaoneka ngati amugwira akuba.

"Tembenukani pang'ono, mayi. Kuwala kugwe tsaya limodzi, linalo lisiyireni mdima. Kwezani chibwano. Musaseke kaye."

Munthu ankamuimika chakumbali, osati pakati, kuti kumbuyo kuzioneka magetsi a magalimoto. Ndipo zithunzizo zinkatuluka bwino, ndisaname. Alonda, amakanika, ngakhale zidakwa zinkaoneka ngati anthu aulemu wawo.

Koma mkazi wawo yemwe, ayi ndithu. Achemwali akati, "Bambo, nanga ine mudzandijambula liti?" yankho silinkasowa: lero kwachita fumbi, lero khoma lanyowa, lero babu lafooka. "Inu sindingakujambuleni mwachisawawa, dikirani tsiku labwino." Achemwali mpaka anasoketsa diresi yabuluu, n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Ine ndinkawauza pamaso, "Alamu, zengerezu adalinda kwawukwawu!" Iwo n'kumangoseka, ati mlamu wanga ndiwe wapakamwa.

Matenda atabwera, achemwali anatha msanga, masaya onse phwa. Tsiku lina madzulo alamu analowa kuchipinda ndi kamera, n'kuika nyali pampando, cha kumutu kwa bedi. Achemwali atangoona, anayang'ana kukhoma.

"Tembenukani pang'ono, mayi," anatero alamu.

"Osati chonchi, bambo. Ndikachira."

Pa maliro tinakhuthula makatoni asanu a zithunzi. Nkhope zambirimbiri za anthu osawadziwa, zokongola zokhazokha, achemwali mulibe. Tinakakulitsa kachithunzi ka pachitupa chawo, kojambulidwa ndi fulashi kuofesi: nkhope yoyera mbuu, maso tong'o. Ndi kamene kali pakhoma la pabalaza mpaka lero, ndipo ndikakaona mtima umandiwawa.

Alamu amapitabe pakhonde paja, ngakhale anthu masiku ano amadzijambula okha pafoni. Dzana ndinali kwawo. Chitsirizira chawo, kamtsikana kamene kanasiyidwa kakukwawa, kanaloza pakhomapo.

"Ababa, amayi ankaoneka chonchi?"

"Ayi, mwanawe. Sankaoneka choncho n'komwe."

"Nanga ankaoneka bwanji?"

Alamu anangoyang'anitsitsa kachithunzi kaja. Mwanayo anadikirabe.