Mzere wachinayi wa tepi ya achimwene

Ndinali Folomu 3 ku Ludzi chaka chimene achimwene anga anamwalira. Anali atakhala ku Zambia zaka zinayi, akuimba m'gulu la nyimbo za roko, zija za magitala olira ngati akupwetekedwa. Anabwera m'bokosi, tinawaika kwathu kufupi ndi Kachebere. Patapita sabata ziwiri ndinalemba m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku kuti: "Nkhope yawo ndikuiona, koma mawu awo ndayamba kuiwala. Ambuye ndithandizeni."

Patchuthi chotsatira kunafika mnzawo amene ankaimba ng'oma m'gulumo. Anadzera njira ya m'minda, akukankha njinga yonyamula chinthu cholemera chokutidwa bulangete. Anali atameta mpala kuopa anyamata a chipani, poti tsitsi lalitali silinkaloledwa kuno. Amayi atangoona mutuwo anayang'ana kumbali, chifukwa ifenso tsitsi linali lisanamere bwino chimetereni cha maliro.

Chinthu chija chinali makina ojambulira mawu, obwereka kwa mwini situdiyo. Gulu lawo linali litatsala ndi nyimbo imodzi kuti limalize chimbale, ndipo achimwene anali atanena kuti mawu achiwiri a nyimboyo adzaimba ndine, poti ndinali wa kwaya.

Kwathu kunalibe magetsi, ndiye aphunzitsi ena a pafupi ndi mishoni anatibwereka chipinda. Mlendoyo anatseka mawindo ndi mabulangete, n'kuimika matiresi pachitseko kuti phokoso la nkhuku lisalowe. Anali masana dzuwa lili paliwombo, koma m'katimo munali mdima ndi fungo la fumbi lotentha. Amayi anakhala pansi pakona atafunda chitenje.

"Manje onani, sisi," anatero mlendoyo. "Tepi iyi ili ndi mizere inayi. Sitiimbira pamodzi ngati kutchalitchi. Timayamba ng'oma, kenako magitala, kenako mawu. Aliyense mzere wake."

Anayatsa, mawilo awiri a tepi n'kuyamba kuzungulira. Anatsegula mzere woyamba wokha: ng'oma zikugunda popanda wovina. Wachiwiri: magitala. Wachitatu: achimwene akuimba m'Chingerezi, mawu awo akumveka ngati a munthu ali m'chitsime. Mlendoyo anati anawajambulira m'khonde lalitali la simenti kuti mawu azibwerera. Sindinawazindikire. Amayi anapukusa mutu.

Kenako anatseka yonseyo n'kutsegula wachinayi.

Poyamba kunamveka mpweya chabe. Munthu akupuma. Anatsokomola, mpando n'kulira. Ndiyeno mawu a kwathu enieni, aja ankandituma nawo madzi:

"Iwe, ukundimva? Usachite manyazi ngati uli pamaso pa asisitere. Ukafika apa upume, kenako ukwere pamwamba."

Ndinatsegula pakamwa. Amayi anandigwira mwendo mwamphamvu.

"Usayankhe!"

"Amayi, ndi tepi chabe."

"Ndikudziwa kuti ndi tepi. Womwalira akakuitana suyankha."

Achimwene anapitiriza kung'ung'udza mawu achiwiriwo kuti ndidzatsatire, akulakwitsa, akudziseka okha. Sindinafune kuti asiye.

Tepi itatha mlendoyo anakanda mpala wake. Anati mzere wopanda kanthu palibe. Mawu anga anayenera kulowa pa wachinayi womwewo, ndipo kanyali kofiira kakangoyaka, makinawo amafufuta zakale uku akulemba zatsopano. Makina ena oti tisungirepo mawuwo panalibe.

"Mukakana sindikukakamizani, sisi. Mawu awo akhala momwemo, koma nyimbo ikhala yosatha."

Ndinati ndakana. Ndinali nditangowapeza kumene mawu amene ndinkapempherera, ndiye ndiwafufute ndi pakamwa panga? Ndinalira mosisima. Amayi sanandiletse. Anangouza mlendoyo kuti, "Bwezani timvenso, bambo." Anabweza. Anabwezanso kachitatu. Ulendo uliwonse achimwene ankatsokomola pamalo omwewo, n'kufunsa funso lomwelo, n'kudikira kanthawi kofanana ngati akumvetsera m'chipinda chathu.

Kudikirako n'kumene kunawasintha amayi.

"Mwana wanga," anatero motsitsa, "ukapanda kuimba azingoitanabe m'menemo. Aliyense woyatsa, iye kuitana. Kuyankha ndakuletsa, koma ntchito imene anakusiyira uigwire, apume."

Ndinatenga kabuku kanga n'kulemba mawu awo onse, mpaka malo amene anatsokomola. Kenako ndinaima patsogolo pa maikolofoni. Mlendoyo anandiveka zomvera za kumakutu, zolemera ngati zigoba za malambe, n'kundisuntha pang'ono kuti mpweya wanga usamaombe chitsulocho. Anakweza chala. Kanyali kofiira kanayaka.

M'makutu munalowa ng'oma, magitala, ndi achimwene a m'chitsime aja. Pamene pankakhala kutsokomola panali zii. Ndinayang'ana tepi ikuchoka pa wilo lina kupita pa linzake, ndikudziwa kuti chidutswa chilichonse chodutsa pakatipo chikutuluka chili ndi ine m'malo mwa iwo. Nditafika paja ananena, ndinapuma, n'kukwera pamwamba. Mawu sananjenjemere. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake.

Mlendoyo anabweza tepi n'kutsegula mzere wachinayi wokha kuti aone ngati walowa bwino. Ndinadzimva ndekha koyamba, kamtsikana ka mawu oonda. Koma pamalo popumira paja, kutali kwambiri pansi pa mpweya wanga, panali wina akung'ung'udza.

Mlendoyo ananena kuti makina akakalamba safufuta kwenikweni, pamatsala kachithunzi ka zakale. Anati akhoza kujambulanso kuti payere.

"Ayi," anatero amayi, akudzuka. "Sakuitananso. Akungoimba ndi mlongo wake. Zimitsani."

Chimbalecho chinandipeza ndili Folomu 4, chitabisidwa m'thumba la mtedza kuti chidutse malire. Anzanga pa gilamafoni ya aphunzitsi sanamvepo kanthu koma ng'oma, magitala ndi kuimba kwathu. Ine ndinkadziwa poika khutu.