Zala Zosamva

Amuna anga anali ndi zala zosamva. Mukawapatsa mbale, aziigogoda. Akakhala pampando, mpandowo wasanduka ng'oma. Ngakhale m'tchalitchi ndinkachita kuwatsina kuti asiye benchi ya anthu.

Ndi iwo ankaimba ng'oma ya chimtali kwathu, kumtunda kwa Furancungo. Loweruka masana, tikaweruka kokumba mbatatesi, ankaiwamba pamoto, kumata phula pakati, kenako kuiyesa ndi chala chimodzi. Kulira kwake kunkagunda phiri n'kubwerera, ndipo amayi a kutsidya ankasiya mitondo, n'kubwera akumangira nsalu m'njira. Ndisaname, ine anandikwatira ndi ng'oma imeneyo. Nkhope yokha sakanandipeza nayo.

Nkhondo itafika, phiri lomwelo linasanduka kazitape, chifukwa chilichonse cholira linkachiulutsa. Tinasiya kuimba. Atambala tinadya onse, mtondo tinaukwirira theka m'dothi kuti usamveke, ng'oma tinaikulunga m'thumba n'kuikankhira pansi pa nkhokwe. Tinali titamva kuti anthu a mfuti a m'tchire akapeza woimba ng'oma amamutenga kuti azikawasangalatsa kumsasa kwawo. Wina wa cha ku Chidzolomondo anatengedwa choncho, ndipo sanaonekenso.

Ife anatipeza m'mawa tikusankha nyemba. Anatikusa mudzi wonse n'kutikhazika pabwalo lomwe tinkavinirapo. Mkulu wawo anayenda pang'onopang'ono akuyang'ana pansi. Mapazi athu anali atakumba kanjira kozungulira, ndipo udzu unali usanakabise.

"Pano mumavina," anatero. "Woimba ng'oma ndani?"

Mayi wina wachikulire ndiye analimba mtima.

"Anamwalira, shefi. Tinaika kalekale."

Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Ndiye ndinamva kaphokoso pambali panga. Amuna anga anali atakhala pansi, lichero la nyemba lili pamiyendo, maso ali kutsogolo, koma zala zikuyenda m'mphepete mwa lichero. Eni ake sankadziwa n'komwe. Sikunali kunjenjemera ayi, inali ng'oma yeniyeni ya chimtali, moti phewa la mayi amene anakhala patsogolo pathu linayamba kugwedezeka lokha. Wa mfuti wina anatembenuka kufuna kumene kukuchokera phokosolo.

Kuwatsina amuna angawo sindikanatha, maso onse anali pa ife. Ndinali ndi khanda kumbuyo. Ndinamasula mbereko n'kuwaponyera mwanayo m'manja, uku ndikukalipa.

"Tagwirani mwana wanuyu, inu! Ine msana wathyoka, inu mwangoti tayale kuseweretsa nyemba. Ndinakwatiwa ndi chiyani kodi ine?"

Lichero linagudubuka, nyemba mbwee pabwalo, mwana n'kuyamba kulira. Anthu a mfuti aja anafa nalo phwete kuona mwamuna akukalipiridwa ndi mkazi pagulu.

"Ameneyu anamudyetsa khuzumule," anatero wotembenuka uja, n'kubwezera mfuti paphewa.

Anatenga ufa, mbuzi ndi mabulangete, n'kumapita. Atazimiririka m'mitengo, amuna anga anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

Sabata yomweyo tinathawira ku Malawi. Titabwerako nkhondo itatha, ng'oma ija tinaipeza chiswe chitamaliza. Anthu anasema ina, yabwino ndithu, n'kubwera nayo pakhomo pathu mwaulemu. Amuna anga anangoiyang'ana, manja ali m'khwapa, n'kunena kuti apatse achinyamata. Achinyamatawo amayesetsa, koma kutsidya palibe amene amasiya mtondo.

Amuna anga anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake. Ine amene ndinkawatsina m'tchalitchi ndinayamba kuwasiyira dala beseni lopanda kanthu pafupi ndi mpando wawo, n'kukakhala kuseri kwa nyumba nditatchera khutu. Mpaka tinakawaika m'manda, beseni lija silinalirepo.